Nyengo, Hijra ndi Mpoto: Kulemera kwa Dzina la Buku la Tayeb Salih

M'chaka cha 1966, magazini ya Chiarabu yotchedwa Hiwar, yomwe inkasindikizidwa mumzinda wa Beirut, idatulutsa nthano yaitali ya mlembi wa ku Sudan, Tayeb Salih. Dzina lake lidali Mawsim al-Hijra ila al-Shamal, lomwe m'chinenero chathu tingalimasulire kuti Nyengo ya Msamuko Wopita Kumpoto. Mu 1969 Denys Johnson-Davies adaimasulira m'Chingerezi pa dzina loti Season of Migration to the North, ndipo kampani ya Heinemann idaiika m'gulu la mabuku ake a alembi a mu Africa. Mu 2001 bungwe la akatswiri a zolemba za Chiarabu la ku Damascus lidalengeza kuti imeneyi ndiyo nthano yofunika koposa mwa zonse zolembedwa m'Chiarabu m'zaka za m'ma 1900. Bukuli n'laling'ono, masamba ake sakwana 200, koma mbiri yake idafika kutali.

Amene amaliwerenga koyamba kawirikawiri amadabwa ndi dzinali. Tsamba loyamba limatsegula ndi munthu wobwerera kwawo, ndipo mbali yaikulu ya nkhani imachitikira pamudzi umodzi wa alimi m'mbali mwa mtsinje wa Nile, pakati pa mitengo ya tende ndi minda yothirira. Kodi sikukadakhala koyenera kulitcha Kubwerera Kummwera? Ife tikuona kuti Salih adasankha bwino, ndipo kuti timvetse chifukwa chake tiyenera kuyang'ana nkhaniyo, mbiri ya dziko lake, ndi mawu atatu a Chiarabu amene adawalumikiza pachikuto.

Nkhani ya m'bukumo

Wosimba nkhani, amene dzina lake silitchulidwa, ndi mnyamata wobwerera kumudzi atatha zaka 7 ku Ulaya, komwe ankaphunzira za ndakatulo za Angerezi. Pakati pa anthu odzamulonjera akuona nkhope yachilendo. Ameneyu ndi Mustafa Sa'eed, munthu wachete amene adafika pamudzipo zaka 5 m'mbuyomo, nagula munda, nakwatira mwana wa pamudzi pomwepo, Hosna Bint Mahmoud. Anthu amamudziwa ngati mlimi wakhama, wopezeka mumzikiti tsiku la Ijumaa ndiponso wothandiza m'komiti ya ulimi wothirira. Usiku wina, mowa utamulowa, Mustafa akuyamba kulakatula ndakatulo m'Chingerezi chosalala, ndipo chinsinsi chake chikuyamba kuululika.

Mustafa adali mwana wamasiye wa ku Khartoum, wanzeru zoopsa. M'masiku amene makolo ankabisa ana awo poopa sukulu zimene zidabwera ndi asilikali a Azungu, iye adadzipereka yekha. Ali ndi zaka 12 adapita ku Cairo, ndipo kuchokera kumeneko adawoloka nyanja kupita ku England, komwe adakhala mphunzitsi wa za chuma pa yunivesite ya London akadali mnyamata. Koma nzeru zomwezo adazisandutsa msampha. Ankanyenga akazi a Chingerezi ndi nthano zabodza za Africa, zomwe ankadziwa kuti makutu awo akufuna kumva. Atatu mwa iwo, Ann Hammond, Sheila Greenwood ndi Isabella Seymour, adadzipha. Wachinayi, Jean Morris, adamukwatira, kenaka adamupha ndi mpeni. Bwalo la milandu lidamugamula kukhala m'ndende zaka 7, ndipo atatuluka ndi kuyendayenda m'maiko adadzabisala pamudzi wa m'mbali mwa Nile uja.

Tiyenera kunena poyera kuti bukuli lili ndi ndime zofotokoza za chiwerewere mosabisa, kotero kuti kwa nthawi ina boma la Sudan lidaliletsa. Si buku lopatsa ana. Komabe munthu wamkulu woliwerenga mpaka kumapeto amaona kuti moyo wa Mustafa ukuonetsedwa ngati matenda, ndipo mlembi sakuuyamikira.

Njira imene nkhondo idadzera

Mtsinje wa Nile umayenda kuchokera kummwera kupita kumpoto, koma magulu a nkhondo amene adagonjetsa Sudan adayenda motsutsana ndi madzi. Mu 1820 Muhammad Ali Pasha, wolamulira Egypt, adatumiza asilikali ake kukwera ndi mtsinjewo pofuna golide ndi akapolo, ndipo ulamuliro umene adakhazikitsa udatha zaka pafupifupi 60. Mu 1881 mphunzitsi wa chipembedzo, Muhammad Ahmad, ali pachilumba cha Aba, adalengeza kuti iye ndi Mahdi, nautsa dziko lonse. Pa 26 Januwale 1885 anthu ake adalanda Khartoum ndi kupha kazembe wa Chingerezi, Charles Gordon. Muhammad Ahmad adamwalira chaka chomwecho, ndipo ulamuliro udatsala m'manja mwa Khalifa Abdullahi.

Angerezi sadaiwale imfa ya Gordon. Mu 1896 Herbert Kitchener adayamba kutsikira kummwera ndi gulu la asilikali a Britain ndi Egypt, ndipo adayala njanji m'chipululu kuchokera ku Wadi Halfa kukafika ku Abu Hamed kuti zida ndi chakudya zisamachedwe. Mu Epulo 1898 adapambana nkhondo ya pa Atbara, nagwira mtsogoleri wa asilikali a Khalifa, Mahmud Ahmad. Pa 2 Seputembala 1898, pachigwa cha Karari pafupi ndi Omdurman, mfuti za Maxim zidapha anthu a Khalifa oposa 10,000 m'mawa umodzi, pamene kumbali ya Kitchener adafa osakwana 50. Chaka chotsatira Britain ndi Egypt adagwirizana zolamulira Sudan pamodzi, ngakhale kuti mphamvu zenizeni zidali m'manja mwa Angerezi. Mu 1902 adatsegula sukulu ya Gordon Memorial College ku Khartoum, yophunzitsa alembi ndi antchito a boma latsopanolo. Sudan idalandira ufulu wodzilamulira pa 1 Januwale 1956.

Salih adaika kubadwa kwa Mustafa Sa'eed mu Ogasiti 1898, patangotsala masabata ochepa kuti nkhondo ya Karari ichitike. Motero mwanayu ndi msinkhu umodzi ndi ulamuliro wa atsamunda. Sukulu yawo ndiyo idamulera, ndipo sitima imene idamutengera ku Cairo idadutsa njira yomwe idabweretsa mfuti. Ali m'bwalo la milandu ku London, Mustafa akukumbukira momwe Kitchener adafunsira Mahmud, womangidwa maunyolo, chifukwa chimene adadzera kudzawononga dzikolo, ngati kuti mlendo ndiye mwini nthaka. M'maganizo ake Mustafa amadziona ngati wankhondo wobwezera, wolowa m'dziko la adani ake monga iwo adalowera m'dziko lake. Akatswiri ambiri aonapo kuti ulendowu ndi wotembenuza ulendo wa m'buku la Joseph Conrad, Heart of Darkness, momwe Mzungu amakwera mtsinje kulowa mkati mwa Africa ndi kutayika mtima. Koma kubwezera kwa Mustafa sikudamasule munthu ndi mmodzi yemwe ku Sudan. Amene adafa ndi akazi anayi omwe sadali pa Karari.

Mawsim

Liwu loyamba la dzinali, mawsim, limachokera ku tsinde la Chiarabu lotanthauza kuika chizindikiro, monga chija amawotcha pachikopa cha ngamila kuti mwini wake adziwike. Mawsim ndi nthawi yoikika, yobwera chaka ndi chaka. Aarabu akale ankatcha motero misika ikuluikulu ya pachaka monga wa Ukaz, ndipo kufikira lero masiku a Hajj amatchedwa mawsim. Amalinyero a m'nyanja ya Indian ankagwiritsa liwu lomweli ponena za mphepo zosintha ndi nyengo. Kuchokera mu Disembala mphepo ya kaskazi inkakankha zombo kuchokera ku Arabia kudza ku Zanzibar ndi Kilwa, ndipo kuchokera mu Epulo mphepo ya kusi inkazibweza kwawo. Aswahili adalitenga liwuli nalitcha msimu, Apwitikizi nawonso adalitenga, ndipo kudzera mwa iwo lidalowa m'zinenero za ku Ulaya.

Posankha liwu limeneli, Salih adachotsa nkhaniyi m'manja mwa munthu mmodzi. Akadati ulendo, tikadaganiza za Mustafa yekha. Nyengo imagwera onse, ndipo siifunsa chilolezo cha munthu. Mustafa adapita, wosimba nkhani adapita pambuyo pake, ndipo mlembi mwiniwake, wobadwira ku Karmakol pafupi ndi al-Dabba mu 1929, adapita ku London m'zaka za m'ma 1950, nagwira ntchito ku nthambi ya Chiarabu ya BBC, kenaka ku Qatar ndi ku UNESCO. Adamwalira ku London pa 18 Febuluwale 2009. Mustafa amadziwa kuti nyengoyi idzabweranso, chifukwa m'kalata imene akusiyira wosimba nkhani akumupempha kuti ateteze ana ake awiri aamuna ku chilakolako choyendayenda.

Mawsim ya amalinyero idali ndi mbali ziwiri, mphepo yopita nayo ndi mphepo yobwerera nayo. Dzina la bukuli limangotchula mbali imodzi. Anthu awiri a m'nkhaniyi adabwereradi ndi matupi awo, koma bukulo limafunsa ngati adabwerera athunthu.

Hijra

Liwu lachiwiri ndilo limene lidataya kulemera kwake pomasulira. Liwu la Chingerezi limene womasulira adasankha limagwiritsidwanso ntchito ponena za mbalame zosamuka ndi nyengo, ndipo silipsa mtima wa munthu. Koma Msilamu aliyense akamva hijra amakumbukira chaka cha 622, pamene Mtumiki Muhammad (s.a.w.) adachoka ku Makka atazunzidwa kwa zaka zambiri, napita ku Yathrib, mzinda umene udadzatchedwa Madina. Amakumbukiranso msamuko woyamba wa m'chaka cha 615, pamene Maswahaba ena adawoloka Nyanja Yofiira kukabisala kwa mfumu Najashi ya ku Habasha, m'chigawo chomwecho cha Africa chimene muli Sudan. M'nthawi ya Khalifa Umar ibn al-Khattab, Asilamu adasankha chaka cha msamuko wa ku Madina kukhala chiyambi cha kalendala yawo. Ndipo tisaiwale kuti Madina ili kumpoto kwa Makka. Hijra yeniyeniyo idali msamuko wopita kumpoto.

Tsinde la liwuli limatanthauza kuleka chinthu ndi kudula ubale nacho. Amuhajirina adasiya nyumba, malonda ndi abale, koma chimene adapeza chidali chachikulu: mzikiti udamangidwa, ubale udakhazikitsidwa pakati pa iwo ndi Maansari, ndipo mu 630 adabwerera ku Makka. Ku Sudan liwuli lidali ndi mbiri yapafupi kwambiri. Muhammad Ahmad atachoka pachilumba cha Aba mu 1881 kupita kuphiri la Qadir, ulendowo adautcha hijra, ndipo omutsatira adawatcha Ansar. Chimodzimodzi Usman dan Fodio, kumpoto kwa Nigeria ya lero, adatcha hijra kuchoka kwake ku Degel kupita ku Gudu mu 1804. Kwa owerenga oyamba a Salih, hijra idali kuchoka pamalo a ulamuliro woipa kuti ukasunge chikhulupiriro ndi kusonkhanitsa mphamvu.

Tsono taonani chimene Mustafa adachita. Iye adasamukira kulikulu kwenikweni kwa ulamuliro umene udagonjetsa dziko lake. Mbali yodula ubale adaikwaniritsa ndithu: adatsanzikana ndi mayi ake popanda misozi, ndipo uthenga wa imfa yawo utamupeza ku England sudamukhudze. Mbali yomanga mudzi watsopano adailephera. Hadith yoyamba m'buku la Imam Bukhari, yolandiridwa kuchokera kwa Umar, imaphunzitsa kuti ntchito zimayezedwa ndi cholinga, ndipo chitsanzo chimene imapereka ndi cha msamuko womwewu: wosamuka chifukwa cha za m'dziko kapena chifukwa cha mkazi, msamuko wake umathera pa chomwe adasamukiracho. Aliyense wodziwa hadith imeneyi akawerenga za Mustafa ndi Jean Morris amaona kuti dzina la bukuli lili ndi chiweruzo mkati mwake. Liwu lolemekezeka laikidwa pa ulendo umene suliyenera, ndipo kusayenerako ndiko kumene mlembi akufuna kuti timve.

Shamal

Liwu lachitatu, shamal, limatanthauza kumpoto, komanso ndi dzina la mphepo yochokera kumpoto. Apa Chiarabu chikufanana ndi chinenero chathu, pakuti msodzi aliyense wa m'mbali mwa nyanja amadziwa kuti mpoto ndi mwera ndi mphepo zisanakhale mbali za dziko. Kwa munthu wa ku Sudan, kumpoto ndi komwe madzi amapita: Cairo, Alexandria, kenaka nyanja ya Mediterranean, ndipo kutsidya kwake Ulaya. Komabe pafupi ndi kwawo kwa Salih mtsinjewu umachita chodabwitsa. Ukafika ku Abu Hamed umakhota n'kumayenda chakummwera chakumadzulo mpaka ku al-Dabba, ngati wasintha maganizo, kenaka umatembenukanso kulunjika kumpoto. Mudzi wa m'bukuli uli pamalo pamene Nile amakhota.

Umu ndi momwe moyo wa Mustafa udayendera. Adakhotera kummwera, nakhala mlimi, koma mtima wake sudaleke kuyenda. M'nyumba yake yadothi adamangamo chipinda cha njerwa zowotcha chimene ankachitseka nthawi zonse. Chaka china mtsinje utasefukira, Mustafa adasowa, ndipo mtembo wake sudapezeke. Patapita nthawi wosimba nkhani adatsegula chipindacho, napeza malo osonkhapo moto a m'chipupa monga a m'nyumba za ku England, m'dziko lotentha ngati Sudan, ndi mashelefu odzaza mabuku. Mabuku onsewo adali a zinenero za ku Ulaya, ndipo ngakhale Qur'an imene idali mmenemo idali yomasuliridwa m'Chingerezi. Chipinda chimenechi ndicho yankho kwa onse ofunsa chifukwa chake buku la pamudzi lili ndi dzina la ulendo. Kumpoto kudali pakati pa mudzi womwewo, kuseri kwa chitseko chokhoma.

Amene sadapite kulikonse

Pali munthu mmodzi amene dzina la bukuli silimutchula, koma ndiye adalipira mtengo waukulu. Hosna sadaonepo London. Mwamuna wake atasowa, nkhalamba ina ya pamudzipo, Wad Rayyes, yokonda kukwatira ndi kusudzula, idamufuna ukwati. Hosna adakana, nachenjeza kuti akamukakamiza adzapha mwamunayo ndi kudzipha yekha. Bambo ake ndi alongo ake sadamvere. Wosimba nkhani, amene Mustafa adamusiyira udindo wosamala banjalo, akadatha kumuteteza, koma adazengereza nabwerera kuntchito yake ya mu unduna wa maphunziro ku Khartoum. Pamene adabweranso adapeza manda awiri, ndipo mudzi wonse udagwirizana kusalankhulapo.

Apa Salih sadanyengerere anthu a kwawo. Akadafuna, akadaonetsa Ulaya ngati gwero la zoipa zonse ndi mudzi ngati malo oyera. M'malo mwake adaonetsa kuti nkhanza zokakamiza mkazi wamasiye ukwati zidali za pamudzi pomwepo, ndipo zidachitidwa ndi anthu oswali, ngakhale kuti malamulo a Chisilamu salola kukwatitsa mkazi wamasiye popanda chilolezo chake. Adaonetsanso kuti munthu wophunzira kunja angathe kubwerera ndi digiri koma wopanda mphamvu yoimirira pa choona pakati pa abale ake. Kumapeto kwa buku wosimba nkhani akulowa mumtsinje m'bandakucha, nasambira mpaka pakati, pamene gombe la kumpoto ndi la kummwera atalikirana mofanana. Mphamvu zikumuthera, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake akusankha yekha: akufuna kukhala ndi moyo chifukwa cha anthu ochepa amene amawakonda ndi udindo umene ali nawo. Akufuula kupempha chithandizo, ndipo buku likuthera pomwepo.

Kwathu madzi amapita kummwera

Ife a m'mbali mwa nyanja timawerenga dzinali mozondoka. Mtsinje wa Shire umatuluka m'nyanja pa Mangochi n'kulowera kummwera, ndipo kwa zaka zoposa 100 anyamata athu akhala akutsata njira yomweyo, kale kudzera ku Wenela kupita kumigodi, lero pa mabasi opita ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Nafenso tidali ndi makolo amene ankaopa sukulu za amishoni poganiza kuti zidzachotsa ana m'chipembedzo. Tili ndi liwu lathu la amene adapita osabwerera, matchona, ndipo palibe mudzi umene sudziwa mayi wolera ana yekha akudikira uthenga. Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo nzoona kuti nyumba zambiri zamalata, mabwato a injini ndi fizi ya ana zidachokera ku thukuta la apaulendo. Salih sakuletsa kuyenda, pakuti iye mwini adali wapaulendo moyo wake wonse. Chimene dzina la buku lake likufunsa ndi cholinga chimene munthu wanyamuka nacho, ubale umene waudula ponyamukapo, ndi chimene chikuchitikira amene watsala.

Ku Sudan nyengoyi idabweranso moopsa kuposa momwe Salih adaionera. Nkhondo imene idabuka pa 15 Epulo 2023 idachotsa anthu oposa 10 miliyoni m'nyumba zawo, ndipo ambiri mwa othawira ku Egypt adadzera pa Wadi Halfa, pomwe Kitchener adayambira njanji yake. Msamuko wa anthu amenewa uli pafupi kwambiri ndi tanthauzo loyamba la hijra kusiyana ndi wa Mustafa Sa'eed, pakuti iwo akuthawa kuti apulumutse moyo ndi ana awo. Mawu atatu amene adasindikizidwa ku Beirut mu 1966 akufotokozabe dziko limene adalembedwera, ndipo pa chifukwa chimenechi tikuti dzinalo lidaliyenera bukulo.